Dzanja la Nyundo ndi Tsaya la Mlamu Wanga

Mlongo wanga amamutcha Nyundo, ndipo amene anamupatsa dzinali sanamunamizire. Wamkulu ndine, ndinamubereka kumbuyo ali khanda, msanawu umandikumbutsabe mpaka lero. Anabadwa ndi zimanja ngati mafosholo. Ali kusukulu anathyola mphuno ya mnzake chifukwa cha mpira, atakula ankamenyana m'mabala, moti apolisi ankamudziwa ngati mwana wawo. Izi sindibisa ndipo sindimuikira kumbuyo. Anali wandewu, wosachita kumuputa kawiri.

Chimene chinamuweta si mapemphero anga kapena zibonga za apolisi, koma galaja. Analowa ntchito yowongola magalimoto ochita ngozi, ukali wonse uja n'kuthera m'malata. Galimoto ibwere itafinyika bwanji, iye ankaizungulira, kuisisita ndi chikhato, kenako n'kuyamba kugogoda, khoo! khoo! khoo! kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi galajayo, ndiye phokoso la nyundo yake ndinalizolowera moti likasiya ndinkadzutsa mutu. Phokoso lomwelo linamugonthetsa makutu pang'ono. Munthu wosamva bwino amayankhula mokuwa, choncho Nyundo akamati "mwadzuka bwanji" mumayesa akukutukwanirani amayi anu.

Anakwatira mtsikana woluka tsitsi mu saluni ya kuseri kwa msewu wathu, kamunthu kochepa thupi, kosachedwa kuseka. Tsiku loyamba kumuona ndinati, "Iwe Nyundo, kameneka ukakakumbatira sikathyoka?" Iye anati, "Achemwali, ine ndimawongola chitseko cha galimoto osasupula penti." Zinalidi choncho. Ndadya m'nyumba mwawo, ndagonamo, ndawamva akukangana za mchere ndi za wailesi, koma dzanja sanamukwezerepo ngakhale tsiku limodzi.

Mlamu wangayu ali ndi alongo awiri, wamkulu wogulitsa nyama m'butchala, wamng'ono woyendetsa lole. Kuti mumvetse zimene anachita, mudziwe kaye nyumba imene anakuliramo. Bambo awo ankamenya amayi awo mosasamala kuti ana akuona. Mayiwo akatuluka m'mawa tsaya litatupa, anthu n'kufunsa, yankho linali limodzi: "Ndi dzino." Linali dzino chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina anagwetsedwa pasimenti ndipo sanadzukenso. Anyamata awiriwo analumbira pamanda kuti mwamuna amene adzakhudze mlongo wawo adzamuphwanya dzanja. Tsiku la ukwati wabutchala anamukokera Nyundo pambali n'kumuuza zomwezo, tayi ili m'khosi.

Ndiye taonani tsoka. Mlamu wanga linamuvuta dzino lenileni, la kumapeto, lobowoka. Anakalichotsa kuchipatala, bala linapola, tonse tinaiwala. Patapita miyezi panatuluka kachotupa kutsogolo kwa khutu, pamwamba pa nsagwada. Tinati ndi matsagwidi, n'kumamuseka kuti matenda a ana amupeza ali pabanja. Koma matsagwidi amabwera n'kupita. Ichi chinkangokula, chinalimba gwa, khungu la pamwamba pake n'kuda ngati pamene pagwera chibakera. Pakamwa sipankatseguka bwino. Choipitsitsa, chinkapweteka nthawi ya chakudya. Akangolawa chowawasa, kapena kungomva fungo la ndiwo, ululu unkalasa mpaka m'khutu, iye n'kukuwa, "Mayo ine!"

Tsono oyandikana nawo nyumba ankamva chiyani? Mwamuna wafika kuchokera kuntchito, chimawu chake chikugwedeza makoma, posakhalitsa mkazi akulira. Nyundo pokuwapo ankangofunsa kuti, "Chayambanso? Ndikutenthetsere madzi?" koma kuseri kwa khoma kunkafika phokoso lokha.

Ku chipatala chaching'ono anamupatsa makapisozi a masiku ochepa. Chotupa chinaphwa pang'ono, mankhwala atatha chinabwereranso. Anamupatsa ena, chimodzimodzi. Ulendo wina namwino anatulutsa Nyundo panja, n'kutseka chitseko, n'kufunsa motsitsa mawu, "Mayi, muno tili awiri. Amakumenyani?" Namwinoyo sindimuimba mlandu, waona zambiri ndipo kufunsa ndi ntchito yake. Mlamu anati ayi. Namwino anapukusa mutu n'kuti, "Onse amatero." Mwamva zimenezo? Ukavomera wamenyedwa, ukakana wamenyedwanso. Nanga munthu ayankhe kuti chiyani?

Mu saluni muli magalasi khoma lonse, tsaya silibisika. Azimayi ankakhala pampando, tsitsi likulukidwa, maso ali patsaya la woluka. Nkhani inayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka inakafika kubutchala. Wabutchala analowa mu saluni ali chivalire epuloni yamagazi, n'kugwira mlongo wake pachibwano, n'kumutembenuzira kowala.

"Ichi n'chiyani?"

"Achimwene, chinayamba nditachotsa dzino."

Kalanga ine! Mwa mawu onse a padziko lapansi anatchula limenelo. Koma akanati chiyani pamene zinali zoona? Wabutchala anatuluka, chitseko chagalasi n'kuchimenyetsa mpaka chinang'aluka.

Masana omwewo anabwera onse awiri kugalaja. Ndinawaona akudutsa msewu, ndinasiya makina, ndinawatsatira sizasi ili m'manja. Ndinapeza atamupanikiza Nyundo pa galimoto yopanda zitseko.

"Alamu, tiyeni limodzi kuchipatala mukamve nokha!" Nyundo ankapempha, koma ndi chimawu chake chija zinamveka ngati akuwaitana ndewu.

Wa lole anamuwaza khofi, phaa! mpaka chipewa kugwera m'mafuta. Ine ndinati basi lero tinyamula maliro, chifukwa ndikumudziwa mlongo wanga. Koma Nyundo anapisa manja onse m'matumba a ovolosi n'kuyang'ana pansi. Wabutchala anamuloza pamphuno.

"Tsaya lija likadzangotuluka magazi, dzanja ili udzaliiwala."

Ndinawatukwana mpaka pakhosi kuuma, iwo osandiyang'ana n'komwe.

Kenako mlamu anatumizidwa ku chipatala chachikulu, kwa dokotala wa makutu ndi pakhosi. Ndinamuperekeza ndine, chifukwa Nyundo anatopa ndi maso a anthu a pamzere. Adokotalawo anali bambo wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, wosapupuluma. Anafunsa kuti chinayamba liti, ngati chimapweteka pa nthawi ya chakudya, ngati anachotsapo dzino. Anavala magulovu, n'kupisa chala m'kamwa, n'kufinya tsayalo kunja ndi mkati. Mlamu anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Apa pali kachiwalo kamene kamapanga malovu," anatero adokotala. "Malovuwo amayenda m'kanjira kopyapyala kukatulukira m'kamwa. Chotupachi chapanikiza kanjirako. Mukamva fungo la chakudya malovu amapangika koma alibe potulukira, n'chifukwa chake mumalira patebulo."

Anamupaka mafuta oterera, n'kuyendetsa kachipangizo patsaya, zithunzi zikuoneka pa kanema. Anati nthawi zambiri kanjirako kamatsekedwa ndi kamwala, koma apa kamwala kanalibe. Anabaya ndi singano n'kukoka timadzi tokayeza. Zotsatira zitabwera sizinanene chogwirika. Adokotala sanatinamize. Anati mwina ndi khansa, mwina ndi TB, poti TB simangogwira chifuwa chokha, mwinanso ndi matenda ena osowa amene madokotala ambiri amangowaona m'mabuku.

"Nanga chibakera?" ndinafunsa ine.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chibakera chimatupitsa lero, sabata yamawa chaphwa. Sichilimba chonchi miyezi yonseyi."

"Ndiye alongo ake akufuna kupha munthu, adokotala."

"Abwere ndiwauze ndekha."

Mlamu anawaimbira foni tili pakhonde la chipatala. Ndinkamva mawu a wabutchala akutuluka m'foni. Anati, "Dzina la matendawo walitchula? Ngati sakudziwa kuti n'chiyani, akudziwa bwanji kuti si chibakera?" Mlamu anati adikire, ayezanso. Wabutchala anati, "Amayi nawonso ankati tidikire," n'kudula foni.

Chotupa chija kenako chinabooka kabowo kakang'ono pansi pa khutu, n'kumachucha mafinya. Titabwerera, adokotala anafinya pang'ono, n'kuweramira pafupi, n'kuitana namwino mofulumira. Anationetsa pathonje timibulu tachikasu, tating'ono ngati mchenga. Anati timeneti ndi timene ankatiyembekezera. Anatitsekera msangamsanga m'kabotolo, poti tizilombo timene ankatiganizirato timafa tikakhudzana ndi mpweya, n'chifukwa chake ulendo woyamba sanapeze kanthu. Anadulanso kamnofu kakang'ono kokayeza. Anati tizilomboti timakula mwaulesi ku labu, tidikire masabata angapo, ndipo sakufuna kuyamba mankhwala amphamvu asanatsimikize kuti si khansa kapena TB. Podikirapo, bala lizitsukidwa tsiku lililonse. Mlamu anatuluka ndi chibandeji kuzungulira mutu, magazi atadontha pang'ono n'kuonekera kunja.

Wotsuka balalo anali Nyundo. Ankakhazika mkazi wake pampando pafupi ndi zenera kuti aone bwino, dzanja limodzi n'kugwira mutu kuti usagwedezeke, linalo n'kumapukuta ndi nsalu yofunda. Zinkapweteka, mlamu ankalira n'kumapalasa miyendo. Mayi wina wa nyumba yoyandikana, wa pakamwa posatseka, anasuzumira pazenera akuyanika zovala. Anaona chimwamuna chitapana mutu wa mkazi, mkazi akulira, m'beseni muli magazi. Sanagogode kuti afunse. Anathamangira kukauza wa lole.

Linali Lachinayi masana, anzake a Nyundo atapita kokadya. Iye anatsala akumalizitsa boneti, ine ndikusoka siketi, nyundo ikulira monga mwa masiku onse. Kenako inasiya. Ndinamva zitsulo zikugwa, wina akukuwa. Kenako nyundo inaliranso, koma sikunali kulira kwa chitsulo. Kunali kulira kofewa, tibu!

Ndinanyamula simbi yositira, yotentha, n'kudutsa msewu osayang'ana magalimoto. Ndinapeza Nyundo atagwada, nkhope ili magazi okhaokha, atamumenya kale ndi chitsulo cha jeke. Wa lole anali atamukwera kumsana, atamupotokola mkono wamanzere. Dzanja lamanja analigoneka pa chitsulo chosulirapo, wabutchala ataliponda pamkono ndi jombo. Nyundo ya mlongo wanga inali m'manja mwa wabutchala. Anaikweza n'kumenya, n'kumenyanso, n'kumenyanso, mosaphonya, poti kuphwanya mafupa ndi ntchito yake. Ankalira misozi uku akumenya, akukuwa kuti, "Ndi dzino eti? Ndi dzino?"

Simbi ija ndinaikanikiza pakhosi pa wa lole. Anakuwa ngati mbuzi n'kugubuduka, fungo la khungu lopsa n'kudzaza galaja. Wabutchala ananditembenukira nyundo ili m'mwamba. Ndinati, "Menya! Menya mkazi, tione amene wafanana ndi bambo ako!" Anaiponya pansi. Anthu anali atadzaza pakhomo, palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa kudzaleretsa, ndipo ndinamva mayi wina akuti, "Zamukwana, azimenya anzake."

Tinamukweza kumbuyo kwa pikapu. Dzanja ndinalikulunga ndi siketi ya kasitomala, silinkaoneka ngati dzanja. Ndinkalira uku ndikumukalipira.

"Chitsiru iwe! Anthu awiri okha? Suja unkagwetsa bala yonse wekha? Bwanji sunawamenye?"

Anayankha motsitsa, koyamba m'moyo wake. "Ndikanangomenya mmodzi, achemwali, bwenzi aliyense akuti, mwaona?"

Ndinamukonda kwambiri pamenepo, ndipo ndinakwiya naye kwambiri.

Anamugoneka pa chipatala chachikulu chomwecho, m'wodi ya pamwamba. Chala chimodzi anachidula, zinazo anazilumikiza ndi mawaya. Alongo aja apolisi anawatenga, anakwera galimoto ali chilili, zifuwa zili patsogolo, ngati anthu amene akwaniritsa lumbiro. Anatuluka pa belo podikira mlandu. Mlamu wanga sankadya, sankagona. Ankakhala pambali pa bedi, mutu uli m'bandeji, akumwetsa mwamuna wake phala ndi sipuni. Odwala anzake ankanong'onezana kuti mkazi ameneyu ngwopusa, akudyetsa chilombo chimene chinamuphwanya nkhope.

Zotsatira zinabwera Nyundo akadali m'wodi. Mlamu atamva kuti adokotala akumuitana anati salowa yekha. Anakwera basi kupita kubutchala, ndipo sindikudziwa kuti anawauza chiyani, koma anabwera nawo onse awiri, wa lole ali ndi pulasitala pakhosi. Ine ndi iwo tinayang'anana, palibe anapereka moni. Tinadzazana m'kachipinda ka adokotala, iwo ataima kukhoma, manja atapinda.

"Si khansa," anatero adokotala. "Si TB. Ndi matenda osowa aja." Anatchula dzina lake lalitali, lilime langa silingalikwanitse. "Tizilombo take timakhala m'kamwa mwa aliyense, mwa inu ndi mwa ine, osavuta. Koma pakakhala bala lakuya timatha kulowa m'mnofu, n'kumadya pang'onopang'ono, mpaka tinakafika m'kachiwalo ka malovu. Makapisozi a masiku ochepa ankangotigoneka tulo. Pakufunika majakisoni a masabata angapo muno m'chipatala, kenako mapiritsi miyezi yambiri. Mayiwa achira."

Mlamu anatseka maso, misozi n'kutsika. Wabutchala anachotsa msana kukhoma.

"Adokotala, bala lakuya mukunenalo, chibakera sichingalipange?"

Mwaona mtima wa munthu? Mpaka pamenepo ankafunabe kuti mlongo wake akhale womenyedwa.

"Nsagwada yake ndinaijambula, ilibe pothyoka ngakhale pakale," anatero adokotala. "Njira ya matendawa ikuoneka bwinobwino. Inayambira pamene anazula dzino."

"Dzino," anatero wabutchala.

"Eya, dzino."

Chibambo chonse chija chinatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, epuloni ili m'manja. Wa lole anayamba kuti, "Mlongo wanga, ife timaganiza..." koma mlamu anamudula. Pakamwa pake sipankatseguka bwino, mawu ankatulukira m'mano, koma aliyense anamva.

"Ndinakuuzani. Mu saluni ndinakuuzani, pafoni ndinakuuzani. Amayi ankanama chifukwa cha mantha. Ine sindinaname. Abambo aja akamamenya, amayi ankati siyani, iwo osamva. Inu ndinakuuzani kuti siyani, simunamve. Munthu mmodzi yekha amene ankandimva ndikalira ndi wogontha uja mwamuphwanya dzanjayo. Nyamukani, mukamuone."

Anakwera masitepe ngati akupita kokanyongedwa. Nyundo anali chogona, dzanja lili m'mwamba pachingwe, mawaya atatulukira kunja. Wabutchala anagwada pambali pa bedi. Nyundo sanamuyang'ane. Anayang'ana mkazi wake n'kukuwa, wodi yonse kumva, "Akuti n'chiyani adokotala?"

"Akuti ndichira."

"Ati?"

"Ndichira!"

Analira mlongo wanga, mokweza ngati mmene amachitira chilichonse. Ine ndinatuluka, chifukwa ndikanakhalamo ndikanamuponda wabutchala pamutu.

Mlamu anagonekedwa m'wodi ya pansi, botolo la mankhwala lili pamkono, mwamuna wake pamwamba. Ine ndinkakwera ndi kutsika masitepe ndi mabeseni ndi mafulasiki mpaka mawondo kutupa. Chotupa chinafewa, kabowo kanauma, ndipo tsiku lina ndinamupeza akuyamwa ndimu akuseka yekha. Khoti linawapatsa alongo aja chilango chawo, inenso linandidzudzula za simbi ija, ndipo sindinapepese. Mlamu amakawaona, ndi magazi ake, sindimuletsa. Ine ndikakumana nawo ndimawolokera tsidya lina la msewu.

Zala za Nyundo sizipindika. Anayesa kugwira nyundo ndi dzanja lamanzere, koma inkangogwa pambali n'kuboola malata. Mwini galaja anamusunga, tsopano amasakaniza penti ndi kukwecha ndi sandipepa. Dzina lokha ndilo linatsala. Ndikakhala pakhonde langa ndimamva wina akugogoda kutsidyako, mofulumira, mopanda chifundo ndi chitsulo, ndipo ndimakweza wailesi.

Mlamu anabwerera ku saluni. Pansi pa khutu panatsala kachipsera kolowa mkati. Sabata yatha ndinapita kuti andiluke, ndinakhala pabenchi kudikira. Pampando panali mayi wachilendo, wovala bwino, amene anayang'ana kachipserako nthawi yaitali, kenako n'kufunsa mwachifundo, "Pepani mayi, apa munatani?"

Mlamu anapitiriza kuluka. "Linali dzino."

"Oho," anatero mayiyo. Ndinamuona pagalasi akuyang'anana ndi mnzake, onse awiri n'kupukusa mitu pang'ono.